Umboni wa misomali ya Titanic

Msomali wake ndi waufupi, wonenepa kuposa chala chachikulu cha kudzanja, ndipo mbali imodzi mutu unathothoka kalekale. Unagona zaka 84 pansi pa nyanja ya Atlantic, mumdima wa mamita 3,800 kuchokera pamwamba pa madzi, mpaka mu 1996 pamene anauvuula pamodzi ndi zidutswa zina za sitima ya Titanic. Utafika ku NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo lomwe lili ku Gaithersburg m'chigawo cha Maryland, katswiri wa zitsulo Tim Foecke anaucheka pakati m'litali mwake monga ang'ambira chinangwa, anakwecha pochekapo mpaka panawala ngati galasi, n'kuuika pa maikulosikopu.

M'kati mwake munali mizere yakuda, yaitali, yothithikana ngati mitsitsi ya nzimbe yotafuna kale. Imeneyi ndi mphala, miyala yosungunuka imene imatsalira m'chitsulo chikamatuluka m'ng'anjo, yomwe m'Chingerezi amati slag. Chitsulo chosula chabwino chimakhala nayo pang'ono, 2 kapena 3 peresenti. Msomali uwu unali nayo yoposa 9 peresenti. Ndipo pamalo pomwe mutu unathothokera, mizere ija inali itasiya kuyenda m'litali, itakhota n'kugona chopingasa.

Kamsomali kameneka kanadzutsa mlandu womwe anthu ankayesa kuti unagamulidwa kale kawiri konse.

Zomwe zinachitika usikuwo palibe amazitsutsa. Titanic inanyamuka ku Southampton pa 10 Epulo 1912 ulendo wa ku New York, itanyamula anthu oposa 2,200. Lamulungu pa 14 Epulo, nthawi ili 11:40 usiku, mlonda Frederick Fleet anaona chimwala cha madzi oundana kutsogolo n'kuliza belu katatu. Sitima inayesa kukhota, koma nthiti yake ya kumanja inakhula chimwalacho kwa masekondi owerengeka. Ambiri omwe anali m'tulo sanadzidzimuke n'komwe. Pofika 2:20 usiku womwewo inali itamira, ndipo anthu pafupifupi 1,500 anafa, ochuluka mwa iwo chifukwa cha kuzizira kwa madzi omwe anali pa madigiri 2 kunsi kwa ziro.

Mwa anthu ochepa amene anaona ndi maso awo madzi akulowa, n'kupulumuka kuti adzasimbe, munali Frederick Barrett, kapitawo wa osonkhezera malasha. Iye anali m'chipinda cha maboyila cha nambala 6. Anauza ofufuza ngoziyi kuti atangomva kugunda, madzi anatumphuka m'khoma la sitima, masentimita pafupifupi 60 kuchokera pomwe ankaponda. Analumphira m'chipinda cha nambala 5 chitseko chachitsulo chikutsika. M'menemo madzi ankalowera m'nkhokwe ya malasha ngati otuluka m'paipi yozimitsira moto. Chibowo chachikulu sanachitchule.

Koma dziko silikanatha kumeza zoti chinthu cha mamita 269 m'litali, chogawidwa m'zipinda 16 zotchinga madzi, chingamire m'maola awiri ndi mphindi 40 popanda bala loopsa. Motero m'manyuzipepala, m'mabuku ndi m'zithunzi zojambula munakhazikika nkhani ya chibala cha mamita 90, ngati kuti chimwala chija chinatumbula sitima monga mpeni utumbulira chambo. Edward Wilding, mmodzi mwa ojambula pulani ya sitimayi ku kampani ya Harland and Wolff ku Belfast, sanagwirizane nazo. Iye anawerengera kuchuluka kwa madzi omwe analowa m'mphindi 40 zoyambirira, n'kuuza bwalo la ku London mu 1912 kuti mabowo onse kuwaphatikiza anali sikweya mita imodzi ndi pang'ono chabe. Chitseko cha nyumba wamba n'chachikulu kuposa pamenepo. Ananenanso kuti mabowowo ayenera kuti anali apa ndi apo. Tsoka linali pa malo omwe anali: sitima inapangidwa kuti iyandamebe ngakhale zipinda 4 zakutsogolo zitadzaza madzi, koma usikuwo madzi analowa mu zipinda 6. Mawu a Wilding analembedwa bwinobwino, n'kungokhala m'mafayilo zaka zoposa 70 anthu akukambabe za chibala.

Pa 1 Seputembala 1985 gulu lotsogoleredwa ndi Robert Ballard wa ku America ndi Jean-Louis Michel wa ku France linaipeza sitimayo, makilomita pafupifupi 600 kuchokera ku Newfoundland. Inali itaduka pawiri, zigawo zake zitatalikirana mamita 600. Chigawo chakutsogolo chinazika mphuno m'matope mozama, ndipo malo omwe anakhulana ndi chimwala anakwiririka nacho. Chaka chotsatira Ballard anatsikirako m'kasitima kapansi pa madzi kotchedwa Alvin. Pang'ono pomwe panaonekera pamwamba pa matope anaona mapuleti opindika ndi misoko yotseguka. Chibala chija sichinaoneke.

Pamenepo mlandu unasamukira kwa mapuleti. Mu 1991, pa ulendo wojambula filimu womwe unagwiritsa ntchito tisitima ta Mir ta ku Russia, wasayansi wa ku Canada Steve Blasco anabwera ndi chidutswa cha khoma la sitima chachikulu ngati mbale yodyera. Akatswiri a boma la Canada anachiyesa ndi muyeso wotchedwa dzina la Mfalansa Georges Charpy, ndipo muyesowo ndi wosavuta kuumvetsa. Amadula kachitsulo ka masentimita 5.5 m'litali ndi sentimita imodzi m'mbali zonse, amakatema pang'ono pakati, amakaziziritsa kufika pa mlingo womwe akufuna, kenako amamasula nyundo yolemera yolendewera ngati katungwe kuti ikamenye kumsana kwa potemapo. Chitsulo chopirira chimapinda, chimameza mphamvu ya nyundo, nyundoyo n'kufooka. Chitsulo cha steel cha masiku ano chitamenyedwa chinachitadi zimenezo. Cha Titanic, chitaziziritsidwa ngati madzi a usiku uja, chinangoti thyo ngati phale, nyundo n'kupitirira ngati sinakhudze kanthu.

Nkhaniyo inathamanga. Pofika 1995 magazini ya Popular Science inali itaifalitsa, ndipo ambiri anakhulupirira kuti khoma la sitima linasweka ngati botolo. Zidutswa zina zomwe zinavuulidwa mu 1996 zinapita ku yunivesite ya Missouri ku Rolla, komwe H. P. Leighly ndi anzake anaziyeza mosamala n'kufalitsa zotsatira mu Januwale 1998. Anapeza sulufule wochuluka, 0.069 peresenti, pomwe manganese, amene ntchito yake ndi kumanga sulufuleyo kuti asaononge chitsulo, anali wochepa. Chitsulo chilichonse cha mtundu uwu chili ndi mlingo wa kuzizira womwe chimasiya kupinda n'kuyamba kuthyoka. Cha masiku ano chomwe anayerekezera nacho chimafika pamenepo pa madigiri 27 kunsi kwa ziro. Cha Titanic chinkayamba kale kuthyoka pa madigiri 32, kutentha kwa masana a mwezi wa Okutobala, ndipo chikadulidwa chopingasa mlingowo unkakwera kufika pa 56.

Manambala amenewa amaopsa, koma sasonyeza chinyengo. Mapuletiwo anachokera makamaka kwa David Colville and Sons ku Motherwell, ku Scotland, ndipo ng'anjo zomwe zinali zofala ku Britain nthawi imeneyo sizinkatha kuchotsa sulufule ndi phosphorus. Akatswiri a ku Rolla eni ake ananena kuti mwina ichi chinali chitsulo chabwino koposa chomwe omanga sitima akanachipeza pakati pa 1909 ndi 1911, ngakhale lero sichingaloledwe. Zoti kuzizira kumasandutsa steel kukhala phale zinadzamveka bwino patapita zaka 30, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene sitima zowotcherera za ku America zinayamba kung'ambika zokha. Ina, yotchedwa Schenectady, inaduka pakati mu Januwale 1943 ili chiimire padoko ku Portland. Constance Tipper wa ku yunivesite ya Cambridge ndiye anaonetsa kuti gwero la vutolo linali m'chitsulo chenichenicho chikazizira.

Komabe nkhani ya mapuleti osweka inali ndi mabowo ake. Khoma losweka ngati botolo likanasiya zibowo zikuluzikulu, sitima ikanamira m'mphindi zochepa, ndipo phokoso lake likanadzutsa aliyense. Nyundo ya Charpy imamenya mwadzidzidzi pamalo otemedwa kale, pomwe chimwala chija chinkakankha ndi kukhula. Mapuleti ambiri omwe ali pansi pa nyanja ndi opindika ndi okwinyika, kusonyeza kuti chitsulocho chinkatha kugonja chisanathyoke. Ndipo m'chaka chomwecho cha 1996, Paul Matthias anatsika m'kasitima ka ku France kotchedwa Nautile ali ndi makina otumiza mawu m'matope n'kumvetsera kubwerera kwake. Makinawo anaonetsa ming'alu 6, yopapatiza, yotsatana ndi mizere yomwe mapuleti amalumikizana. Kukula kwake konse kunali pafupifupi komwe Wilding ananena mu 1912.

Sitima inamasuka m'misoko. Ndiye funso linatsala pa ulusi womwe anasokera.

Amisiri okhoma ndowa ndi mbaula amaudziwa msomali wa mtundu uwu, ndipo amautcha riveti: umalowa m'mabowo a zitsulo ziwiri zosanjikizana, n'kuuphwanya nsonga kuti ukhale ndi mitu iwiri. Kuwotcherera kusanafale, sitima zonse zachitsulo zinkasokedwa motero. Chauncy Maples, yomwe inapangidwa ku Glasgow mu 1899, inafika pa nyanja ya Malawi ili zidutswazidutswa, zina zitasenzedwa pamitu, ndipo inalumikizidwa ndi mariveti isanalowe m'madzi mu 1901. Titanic inali ndi mapuleti pafupifupi 2,000 m'khoma lake lakunja, ambiri a mamita 9 m'litali, okhuthala masentimita 2.5 kapena kuposerapo, lililonse lolemera mpaka matani 3. Misomali yogwira sitima yonse inali 3 miliyoni.

Ntchito yokhoma pamanja inali ya gulu la anthu 4 kapena 5. Mnyamata wootcha ankakhala pa kambaula ka makala, akupemerera moto ndi kuyang'anitsitsa mtundu wa chitsulo, pakuti choyezera kutentha chake chinali diso. Msomali ukafiira psuu pa mlingo wake, ankautola ndi mbaniro n'kuuponyera mnyamata wina wowakha, yemwe ankathamanga nawo kukaulowetsa m'bowo. Bambo wina wamphamvu ankatsamira pa mutu wake ndi chitsulo cholemera kuti usabwerere. Kuseri kwa puleti amuna awiri, kawirikawiri wina wamanzere wina wamanja, ankaumenya mosinthana ngati amayi awiri pa mtondo umodzi, mpaka nsonga itaphwanyika n'kudzaza bowo. Zonsezi zinayenera kutha msomali usanade. Ukamazizira unkafupika, ndipo kufupikako n'komwe kunkakoka mapuleti awiri kuti agwirane mpaka madzi osapeza polowera.

Malipiro ankatengera kuchuluka kwa misomali yomwe gulu lakhoma. Woyendera ntchito ankabwera ndi kanyundo, n'kumagogoda mutu uliwonse akumvetsera: wolira bwino unkatsala, wolira mogwedera ankaulemba choko kuti uzulidwe. Khutu limagwira msomali wogwedera, koma mphala yobisala m'kati mwa msomali wothina silingaimve. Amisiri ambiri a ntchitoyi ankakalamba ali ogontha. Ena sanakalambe n'komwe. Pomanga Titanic panafa anthu 8, ndipo woyamba anali Samuel Scott, mnyamata wowakha misomali wa zaka 15, amene anagwa pa makwerero pa 20 Epulo 1910 n'kusweka mutu. Manda ake ku Belfast anakhala opanda chizindikiro mpaka mu 2011.

Misomali 3 miliyoni ija sinali yofanana, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Pakati pa sitima, zigawo zitatu mwa zisanu za utali wake, pomwe thupi limapindika kwambiri pa mafunde, anakhomapo misomali ya steel, mizere itatu kapena kuposerapo pa msoko uliwonse, pogwiritsa ntchito chimakina chofinya ndi mphamvu ya madzi. Chimakinacho chinali chachikulu, chooneka ngati chala cha nkhanu, ndipo sichinkatha kufika kumphuno ndi kumchira komwe thupi la sitima limapindika ndi kupanikizika. Kumeneko ankakhoma pamanja, mizere iwiri, ndipo ankagwiritsa ntchito misomali ya chitsulo chosula chifukwa ndi yofewerapo pa nyundo. Chimwala chinakhula kumphuno.

Chitsulo chosula ndi chachikale kuposa steel wa m'mafakitale, ndipo n'chapachibale ndi chomwe makolo ankatulutsa m'ng'anjo zadothi n'kuchipuntha pachipala kuti mphala ituluke asanasule khasu. Ku Britain njira yake inali ya Henry Cort ya mu 1784. Mmisiri ankaima pakhomo pa ng'anjo yoyaka, atagwira ndodo yachitsulo yaitali, n'kumavundula chitsulo chosungunuka monga avundulira nsima. Mpweya ukamatentha kaboni wa m'chitsulocho, phalalo linkalimba pang'onopang'ono, ndipo iye ankaliumba m'mibulu yolemera n'kuikokera kunja ikudontha mphala. Mibuluyo inkapunthidwa ndi nyundo ya nthunzi, n'kupsinjidwa m'makina kuti ikhale mikombero yaitali. Kenako ankaidula, kuisanjikiza, kuiotchanso ndi kuipsinjanso. Ulendo uliwonse wotere unkafinya mphala ina, n'kusandutsa yotsalayo kukhala timitsitsi tosalala tofalikira mofanana. Magiredi ankatsatira maulendowo: nambala 3 inkatchedwa yabwino, nambala 4 yabwino kawiri, ndipo imeneyi ndi yomwe inkakondedwa pa anangula, maunyolo ndi misomali ya sitima.

Ubwino wa chitsulo chotere unkadalira mkono ndi diso la munthu mmodzi yemwe wakhala maola ambiri pamoto. Pofika 1910 ntchitoyi inali ikufa, chifukwa steel anali atalanda msika.

Timitsitsi ta mphala si tachabe. Timapatsa chitsulo njere ngati ya nsungwi, ndipo aliyense amene analukapo dengu amadziwa khalidwe la nsungwi: kuikoka m'litali siiduka, koma kuing'amba motsata njere ndi ntchito ya kampeni. M'thupi la msomali mitsitsi imayenda m'litali, momwenso mphamvu imakokera, ndiye zonse zili bwino. Koma popanga mutu chitsulo chimaphwanyidwa n'kufalikira m'mbali, ndipo mitsitsi imakhota nacho. Pakhosi pa msomali, pomwe mutu umakumana ndi thupi, njere imakhala yopingasa, ndipo chilichonse chokoka mutuwo chimakhala chikung'amba nsungwi motsata njere yake. Mphala ikakhala yochepa ndi yosalala, khosi limapirira. Ikachuluka katatu, ili m'zibuluma, mng'alu umapeza msewu wolambula kale. Izi n'zimene Foecke anaona pagalasi paja.

Misomali yoyamba yomwe anayeza inali iwiri yokha, ndipo iwiri siingagamule mlandu. Mu Ogasiti 1998 anavuula chigamba cha khoma la sitima cholemera matani pafupifupi 15, chomwe chinakhala miyezi yambiri m'madzi a mankhwala ochotsa mchere ndipo lero chimaonetsedwa ku Las Vegas. Ulendo umenewo unabweretsa misomali yambiri. Jennifer Hooper McCarty, yemwe ankachita maphunziro a udokotala wa sayansi ya zitsulo ku yunivesite ya Johns Hopkins, anaitenga ngati ntchito yake. Kuona maso a nkhono n'kudekha: msomali uliwonse unkachekedwa, kukwechedwa, kujambulidwa kachigawo ndi kachigawo, kompyuta n'kumawerenga timadontho ta mphala, kukula kwake ndi komwe taloza. Yonse inakwana 48. Ya steel inapezeka yolimba bwino. Yachitsulo chosula inali yosiyanasiyana modabwitsa, ina yabwinobwino, yambiri yodzaza mphala.

Kuchokera pamenepo Foecke ndi McCarty anafotokoza mmene msoko umamasukira. Msomali wokhomedwa uli wamoto umakhala wokokeka kale chizizirireni, ngati chingwe chomangidwa mothina. Chimwala chikakankha puleti, puletilo limapinda n'kutukula m'mphepete mwa linzake, ndipo mphamvu yonse imathera pa mitu ya misomali. Wofooka kwambiri umathothoka. Katundu womwe unasenza umagwera oyandikana nawo, omwe tsopano asenza wopitirira muyeso, ndipo nawonso amathothoka, wina pambuyo pa mnzake, monga msoko wa thumba la chimanga umasololokera ulusi ukaduka pamodzi. Puleti silisweka. Limangoyasama pang'ono, mpata wolowa dzanja kapena chala, mamita angapo kunsi kwa madzi komwe mphamvu ya nyanja imakankha ngati paipi ya Barrett ija. Iwo anaonanso kuti ming'alu inalekeza pafupi ndi pomwe misomali ya steel imayambira.

McCarty sanaime pa maikulosikopu. Anapita ku Belfast kukafukula mabuku a kampani. Harland and Wolff inali itadzipatsa ntchito yomanga sitima zitatu zazikulu koposa pa dziko, Olympic, Titanic ndi Britannic, motsatizana. M'mabukumo anapeza kuti pa misomali kampani inaitanitsa chitsulo cha nambala 3 m'malo mwa nambala 4, ndiponso kuti inafika pogula kwa osula ang'onoang'ono omwe sinkagulako kale. Anapeza kuti kuyambira kumapeto kwa 1911 mpaka Epulo 1912 akuluakulu a kampani ankadandaula pa misonkhano yawo za kusowa kwa amisiri odziwa kukhoma. Anapezanso kuti nthambi ya boma yoyendera sitima, Board of Trade, inasiya kuyesa chitsulo chosula mu 1901 poganiza kuti n'chodziwika kale, maso onse n'kutembenukira kwa steel. Zonsezi zinatuluka m'buku lomwe iye ndi Foecke anasindikiza mu 2008, What Really Sank the Titanic.

Kampani inakana, ndipo yankho lake silinali lopanda nzeru. Olympic inamangidwa pabwalo lomwelo, ndi manja omwewo, ndi zitsulo zochokera komweko, koma inayenda zaka 24 mpaka 1935, ndipo mu 1918 inagunda dala sitima yankhondo yapansi pa madzi ya ku Germany, U-103, n'kuimiza, iyo n'kupitiriza ulendo. Ofufuzawo analoza ngozi ina ya Olympic yomweyo: pa 20 Seputembala 1911 inawombana ndi sitima yankhondo ya HMS Hawke pafupi ndi Isle of Wight, ndipo zithunzi za balalo zimaonetsa mabowo ambiri opanda misomali. Ngozi imeneyo ndi yomwe inachotsa amisiri pa Titanic kuti akakonze mkulu wake, ulendo woyamba n'kusunthidwa kuchoka pa 20 Malichi kufika pa 10 Epulo.

Woweruza wachilungamo ayenera kuvomereza kuti umboni wa misomali ndi wamphamvu kuposa nkhani ziwiri zoyamba zija, chifukwa ukugwirizana ndi masamu a Wilding, ndi maso a Barrett, ndi makina a Matthias. Ayeneranso kunena poyera pomwe ukulekeza. Misomali 48 mwa 3 miliyoni ndi madzi a m'chikho potunga m'nyanja, ndipo palibe ngakhale umodzi womwe unachokera m'misoko 6 ija. Madandaulo a kusowa kwa amisiri omwe ali m'mabuku ndi a nthawi yomwe thupi la Titanic linali litalowa kale m'madzi, pa 31 Meyi 1911. Amaonetsa bwalo lopanikizika ndi ntchito, koma saloza dzanja lomwe linakhoma msoko wakutiwakuti. Ndipo palibe amene angalumbire kuti misomali ya nambala 4 ikanapirira sitima ya matani oposa 50,000 ikukhula chimwala pa liwiro la makilomita 41 pa ola. Foecke ndi McCarty eni ake sananene kuti sitima sikanaboka. Ananena kuti misoko yotseguka ikanachepa, ndipo chipinda chimodzi kapena ziwiri zikanakhala zouma, sitima ikanachedwa kumira. Sitima ya Carpathia, yomwe inatola opulumuka pafupifupi 700, inafika cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, pasanathe maola awiri Titanic itamira. Ola lililonse loonjezera likanakhala miyoyo ya anthu.

Chomwe chimapweteka ndi kuona nkhaniyi ikufupikitsidwa kukhala yoti misomali yotchipa ndiyo inamiza Titanic, ngati kuti mlandu wonse ungasenzetsedwe mnyamata wopemerera moto ndi bambo wovundula chitsulo. Iwo anagwira ntchito ndi chomwe anapatsidwa, pa liwiro lomwe malipiro awo ankafuna. Tsiku la ngoziyo mauthenga angapo ochenjeza za madzi oundana anafika pa wailesi ya sitima, ndipo liwiro silinatsitsidwe. Maboti opulumukira anali 20, okwana anthu 1,178, theka chabe la omwe anakwera, ndipo malamulo a nthawiyo ankalola zimenezo. Ambiri mwa mabotiwo anatsitsidwa osadzaza. Zimenezi zinasankhidwa ndi anthu a m'maofesi ndi a mayunifolomu, ndipo sizioneka pa maikulosikopu.

Pakadali pano mboni yomwe yatsala ikudyedwa. Ballard atafika mu 1986 anapeza dzimbiri likulendewera pa sitima yonse ngati mizu ya kachere, lofiirira, lofumbutuka likangokhudzidwa, ndipo analipatsa dzina loti rusticles. M'kati mwa zolendewerazo muli timabowo ndi tinjira momwe mumakhala mabakiteriya a mitundumitundu. Mu 2010 Henrietta Mann wa ku yunivesite ya Dalhousie ku Halifax, pamodzi ndi anzake a ku Sevilla, analengeza mtundu watsopano womwe anaupeza m'dzimbiri lotengedwa mu 1991, n'kuutcha Halomonas titanicae. Umamatirira pa chitsulo n'kufulumizitsa kudyeka kwake. Omwe anatsikirako mu 2019 anapeza kuti mbali ya zipinda za akuluakulu a sitima yagwa, ndipo bafa la kaputeni, lomwe linkaoneka bwino m'zithunzi zakale, silinaoneke. Mu 2024 makamera anapeza kuti chigawo cha mamita 4.5 cha mpanda wachitsulo wa pamphuno, womwe mu 2022 unali chiimire, chagwera pansi.

Kuvuula zitsulo zina sikulinso kophweka monga m'zaka za m'ma 1990. Malowa ndi manda, ndipo pangano la Britain ndi America lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2019 limafuna chilolezo munthu asanalowe m'sitimayo kapena kuchotsamo kanthu. Misoko 6 ija ili mamita angapo pansi pa matope, komwe inalowa usiku wa pa 15 Epulo 1912 mphuno ya sitima itagunda pansi, ndipo mpaka lero yangomvedwa ndi makina, palibe diso laionapo.